Pansi pa Paini Sipamera Kanthu

Chelstone, Lusaka

Iwe Tikambenji,

Wandinyoza. Wandinyoza pamaso pa anthu, m'nyumba ya eni, ine nditavala suti. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti usaganize kuti kalata ino ndi yopepesa. Sindipepesa. Akulemba ndi amayi ako, ine ndikungonena, poti ukudziwa kuti pakhomo la sukulu ndinadutsapo nditasenza matabwa basi. Ndawauza kuti alembe mawu anga mmene akutulukira, asathiremo shuga. Akamaliza andiwerengera, ndipo ndikamva liwu limene silinachoke m'kamwa mwanga, tiyambiranso pamwamba.

Loweruka lija ku Woodlands, paphwando lokutsanzika limene anakonza amayi ako aang'ono, unaimirira pakati pa anthu odya ndi mafoloko, n'kunena kuti: "Atate anga ali ngati mtengo wa paini uli pakhomo pathu uja. Chilimwe, dzinja, mtundu ndi womwewo. Sapindika, sasuntha, ndipo pansi pake sipamera kanthu. Ine ndine katumbu, ndimatsata madzi." Anthu anawomba m'manja. Ba Mwansa, amuna awo a amayi ako aang'onowo, anaseka mpaka fupa la nkhuku linawatsamwa, ndipo atalitulutsa anati, "Ba Mbewe, mwamvela? Mwana akuzibani bwino!" Ine ndinaika mbale pansi, ndinatuluka pageti, ndinakwera minibasi ndi suti yanga yomweyo. Amayi ako akuti unkandiyamikira. Ngati kumeneko ndiye kuyamikira kwa ku yunivesite, ndinachita mwayi osapitako.

Mawa ukukwera ndege kupita kudziko la chisanu lija, limene dzina lake limandipweteka lilime, kukawonjezera maphunziro a akatumbu akowo. Ndinanena kuti kubwalo la ndege sindipita, ndipo sindipita. Ku Woodlands nakonso phazi langa silipondako. Koma popeza unaika paini ndi katumbu pamaso pa anthu popanda wondiyankhira, mlandu umenewu ndiuweruza ndekha, chifukwa awiriwa ndimawadziwa kuposa iwe. Mmodzi anakudyetsa iwe. Winayo anadya ine.

Tiyambe ndi katumbu wakoyo. Ndili mnyamata kwathu ku Chipata ndinali ndi miono yanga mumtsinje wa Lutembwe, yoluka ndekha, yokongola kuposa ya anyamata onse. M'mawa uliwonse ndikapita kukavuula ndinkapeza mono wang'ambika kumbuyo, milamba kulibe, mitu yokha itandandalikidwa pamwala ngati munthu akufuna kuti ndione bwino zimene wadya. Malume anga anati, "Mphwanga, ameneyo ndi katumbu. Sagwidwa ndi manja. Sunthira miono kumtunda." Ine ndinati kanyama kopanda nyanga sikangandisamutse pamadzi a makolo anga. Ndinalondola mapazi ake m'matope mpaka pauna pansi pa mizu ya mkuyu, ndinagona chafufumimba, ndinapisa mkono mpaka m'phewa. Ndinamugwira. Kunena zoona, tinagwirana. Ine ndinamusiya msanga, iye anachedwa pang'ono. Ndicho chifukwa chake chala changa cha mkombaphala chimathera panjira, ndipo mpaka lero ndikaloza munthu ali patali, amayankha wapafupi. Cholakwa sichinali changa. Una unali wamdima. Koma iwe, kumene ukupitako, mauna a eni ake ndi ambiri: mikangano ya anthu okhala nawo nyumba, nkhani za aphunzitsi, maukwati a anzako. Ukamva kuti m'katimo mukuyenda kanthu, ika manja m'thumba, iwe ndi nzeru zako zonse. Kumbukira chala changa.

Ndiye nyama imene wasankha kukhala ndi imeneyo: mbala yodya za eni, yosiya mitu, yogona masana, yotsetsereka m'matope ndi mimba ngati mwana wopanda womulera. Paini anabapo chiyani cha munthu? Paini amaima pamene wamuika. Amakwera molunjika osayang'ana kwa mnzake. Mitengo ina ikavula masamba m'chilimwe n'kuima maliseche, iye amakhala atavala. Denga limene unagonamo kuyambira uli khanda ndi paini. Tebulo limene unkalemberapo ndi paini. Yunifolomu yako yoyamba inatuluka mu utuchi wa paini umene ndinaumeza zaka zonse ndikugwira ntchito kubwalo la matabwa ku Heavy Industrial. Tandiuza, pali nyumba imene inafoleredwa ndi katumbu?

Komabe paini ali ndi khalidwe limodzi limene uyenera kulidziwa, ndipo ndinalidziwira pa agogo ako. Titangokwatirana ndi amayi ako tinkakhala m'kachipinda kamodzi ku Kabwata, mpando tinalibe, tinkakhalira ndowa. Uthenga unabwera kuti apongozi anga akubwera kuchokera ku Katete kudzaona kumene mwana wawo anagwera. Ndinatenga matabwa atsopano kuntchito, ongotsika palole, onunkhira bwino. Kapitawo wathu, mkulu wina wa ku Kasama, anandiuza kuti, "Iwe Mbewe, aya akali na manzi, yembekeza aume." Ine ndinati thabwa ndi thabwa. Ndinakhoma benchi yosalala, yoyera mbee, ndinaiika pabwalo. Unali mwezi wa Okutobala. Agogo ako anafika, anakhalapo, anayamikira, anacheza ndi amayi ako dzuwa likuwomba pathabwa, utomoni ukutuluka mwakachetechete pansi pawo. Itakwana nthawi yolowa m'nyumba kukadya, anaimirira, benchi nayo inaimirira.

Tsono iwe wa masiku ano sungamve kukula kwa tsoka limeneli. Mkamwini sayandikira apongozi ake. Sawayang'ana kumaso, nanga kumbuyo? Ine mwini benchi, wodziwa mankhwala ake, ndinathawira kuseri kwa nyumba, nkhope kukhoma, n'kumakuwa kuti, "NaPhiri! Auze amayi asakoke! Thira palafini!" Agogo ako, benchi ili lende kumbuyo, anati, "Mwana wanga, tamufunsa mwamuna wakoyu. Kodi m'tauni muno alendo amawatchera ulimbo ngati mbalame?" Kabwata yense anatuluka kudzaonerera. Chitenge chawo chatsopano chinatsala pabenchi, ndipo mpaka tsiku limene anatisiya ankanditchula kuti Aulimbo. Amayi ako aika cholembera pansi, akuseka. Ndikudikira.

Atola. Cholakwa apanso sichinali changa, linali dzuwa. Koma tamvera: kunjako udzakumana ndi anyamata osalala, onunkhira bwino, ongotsika palole. Usakhalepo msanga. Mwamuna ndi thabwa, amafunika aume kaye. Muone m'dzuwa, muone m'mvula, muone ndalama zikamuthera, muone ngati akupindika kapena akutulutsa zomata. Ndipo akakhala wakuti ndi wako, abwere kuno ndidzamugogode ndekha ndimve kulira kwake. Usandiuze za ukwati pafoni ngati ukuitanitsa makala. Kumbukira chitenge cha agogo ako.

Mtengo umene unandinyoza nawo uja unabwera pakhomo pano iwe usanabadwe. Dalaivala wina wa malole a matabwa ochokera ku Copperbelt anandipatsa kambande m'chitini, kotalika ngati chala changa chathunthu. Tinali titangolowa m'nyumba ino ya Chelstone. Amayi ako anali atalima kale kadimba kawo ka repu ndi tomato kutsogolo kwa khonde, ndipo anati, "Kadzaleni kuseri." Ine ndinati mtengo waulemu sukhala kuseri ngati chimbudzi. Ndinaudzala pakati penipeni pa dimba. Zaka zoyamba zinthu zinkakhala mwamtendere. Kenako mtengo unakula, unayamba kugwetsa timasamba take tonga singano, repu anachita chikasu, tomato anabereka tinthu tonga mikanda, mapeto ake ngakhale bonongwe, amene amamera ndi padzala pomwe, anasamuka. Amayi ako tsopano amalima kuseri, pafupi ndi chimbudzi chija. Akuti ndinene kuti anali olondola ndi iwowo. Ndanena kuti akutero. Pamenepa phunziro n'lakuti ukafika pamalo n'kupeza wina wayamba kale kulima, usadzale zako pakati pa zake, ngakhale zako zikhale zazitali. Ine zinandikhalira chifukwa amayi ako ndi munthu wa Mulungu. Kunjako sudzapeza NaPhiri.

Koma mtengowo sindinaudule ndipo sindidzaudula. Amayi Daka, oyandikana nafe, akhala akudandaula kuti singano zimawatsekera ngalande ndiponso kuti zipatso zake zouma zija, zonga zitsononkho, zimagwa pamalata awo ngati miyala. Bwana wina wa ku Kabulonga anaimika galimoto chaka china pa Khirisimasi, akufuna ndimudulire nsonga kuti akaimike m'nyumba mwake n'kuiveka timagetsi. Ndinamufunsa ngati iyeyo angalole kudulidwa mutu kuti ena akasangalalire kubadwa kwa Ambuye. Anakweza galasi.

Tsopano tifike pabokosi, chifukwa ndi pamene panayambira zonsezi, ndipo iwe sunandipatsepo mpata wofotokoza. Unabwera ndi chikhoti chachitali chochokera pasalaula, pamsika wa zovala zovalidwapo kale, chofika m'mapazi, n'kunena kuti kumene ukupitako popanda chimenecho munthu amauma ngati nsomba ya mufiriji. Ine ndinaona kuti chovala chotere sichiyenera kupindidwa m'kasutikesi. Ndinachiyeza ndi chingwe iwe kulibe. Kutalika kwa chikhoti ndi kutalika kwa mwini wake, zimenezo sindinapange ndine. Ndinapita kwa mnzanga wa shopu ya ukalipentala ku Kabwata, ndinasankha paini wouma bwino, ndinapala ndi manja angawa. Mbali imodzi ndinachepetsako pang'ono chifukwa thabwa linaperewera. Ndinaika zogwirira m'mbali kuti anthu a ndege asavutike ponyamula. M'kati ndinayalamo nsalu yoyera kuti chikhoti chisakodwe. Kunja vanishi, wowala ngati galasi. Chinthu chokongola chotero sindinapangepo chibadwire.

Ndinachita hayala kalole kakang'ono. Ndinamuuza dalaivala kuti ayende pang'onopang'ono kuopa kukanda vanishi, iye n'kuyatsa timagetsi tophethira tija. Ine ndinakhala kumbuyo, dzanja limodzi pabokosi, lina litagwira chipewa pachifuwa chifukwa cha mphepo, maso akutuluka misozi ndi fumbi. Ndinaona ndithu kuti magalimoto akutipatsa njira ndiponso kuti amuna pamsika wa Chelstone akuvula zipewa, koma ndinati anthu ayamba kuzindikira ntchito yabwino. Pageti Amayi Daka anathamanga, manja kumutu. "Abambo Mbewe, n'la ndani?" Ine ndinayankha zoona zokhazokha: "N'la Tikambenji." Ndinaliika pakhonde, ndinapita kukagula loko.

Amayi ako anali kumsika m'tauni, foni itamangidwa pamfundo ya chitenge, yosamveka. Loko wabwino sapezeka pafupi, ndiye ndinachedwa. Pobwera ndinamva nyimbo ndili kumsewu, ndinati kodi wamwalira ndani m'dera lathu osandiuza. Ndinapeza amayi a mumpingo atadzaza pakhonde panga, atazungulira bokosi, akulira mokutchula dzina. Amuna anali atakoleza zikuni pansi pa paini. Wina anali atapita kale kukabwereka tenti. Palibe anatsegula chivundikiro, poti zimenezo sachita eni asanafike. Ndisanatsegule pakamwa, abusa opuma pantchito okhala kuseri kwa nyumba yathu anandigwira phewa n'kuti, "Limbani mtima, musalankhule." Ndipo ndi nthawi yomweyo imene iwe unatsika minibasi, ukukoka sutikesi yako yatsopano ya matayala.

Zotsatira ukuzidziwa. Amayi Daka, amene amati mawondo awo sapindika, analumpha mpanda wa maluwa osaukhudza. Nyimbo inaduka pakati. Ana a masiku ano anajambula ndi mafoni, anzako onse a ku yunivesite anaona. Iwe unaima pageti n'kunena kuti, "Atate, mwandiika m'manda ndikali moyo." Ine ndinati ndi bokosi la chikhoti. Iwe unati ngakhale likhale la chikhoti, ndege siinganyamule chinthu cholemera ngati ng'ombe, ndipo sungatsike nalo kudziko la eni anthu n'kuyamba kuvula zipewa. Pamenepo ndinanena mawu aja, akuti ukakana bokosi langa wakana ine, ndipo usadzanditsanzike. Unalowa m'nyumba, unalongedza, unapita ku Woodlands. Olira anatsala, chifukwa nkhuku zanga ziwiri zinali zitaphedwa kale, ndipo anazidya ndi mtima wosweka womwewo.

Cholakwa chinali cha Amayi Daka, amene amalira asanafunse kawiri. Komabe tengapo ichi: ukafuna kuchitira munthu chabwino, yamba wamufunsa, ndipo uuzeko anthu usanachikweze palole. Kunjako anthu sadzadziwa mtima wako, adzangoona maonekedwe a bokosi. Ndipo ukakwiya, mawu ako uziwayeza kawiri usanadule, chifukwa thabwa ukalidula mofupika silimeranso. Izi ndikunena za iwe. Amayi ako akundiyang'ana pamwamba pa magalasi, koma ndikunena za iwe.

Ine mayi ako ndikuwonjezera pano iwo atapita kukamwa madzi: chichokere iwe, nsima akungoitsina, ndipo usiku amadzuka kukayang'ana kuchipinda kwako. Mzere uno sindiwawerengera.

Ndabwera. Amayi ako akuti sanalembe kanthu, ankangoyesa cholembera. Tipitirize.

Chaka chatha unanditengera ku Kafue kuti ndikaone ntchito yako. Ndinavomera chifukwa ndinkafuna kudziwa chimene thukuta langa linagula. Tinakwera bwato, ndinakana kuvala kajekete kofiira koyandamitsa munthu kaja poti ine ndinasambira mu Lutembwe iwe usanaganiziridwe. Tinafika pamwala wina waukulu m'mphepete mwa bango, iwe unatsika, unatulutsa supuni ndi kabotolo, n'kuyamba kutola ndowe za katumbu. Ndowe, Tikambenji! Unazinunkhiza, unaziyang'anitsitsa, unati, "Onani atate, dzulo anadya nkhanu." Ine ndinayang'ana kumwamba n'kufunsa Mulungu ngati ndinameza utuchi zaka zonse zija kuti mwana wanga adzadziwe zimene mdani wanga anadya dzulo. Kumpingo akandifunsa ntchito yako ndimati uli m'boma, mbali ya madzi.

Tsiku lomwelo tinaona katumbu wamkazi atanyamula mwana wake pakhosi, akumukokera m'madzi, kamwanako kakulira, kakukakamira kumtunda. Anakamiza, kanatuluka, anakamizanso. Ine ndinati ona nkhanza za nyama yako. Iwe unati, "Akapanda kutero, kadzafa ndi njala pamtunda." Nthawi imeneyo ndinali kutsika m'bwato, iwe unatambasula dzanja kuti undigwire, ine ndinati sindinakalambe. Matope a Kafue ndi oterera kuposa a kwathu. Ndinalowa mpaka m'chiuno, nsapato imodzi ili komweko mpaka lero, ndipo ndikhulupirira kuti akatumbu akulereramo ana. Pamenepa phunziro ndi lalifupi: munthu akakupatsa dzanja, gwira. Kudziko la eni udzadwala, udzasochera, udzasowa wolankhula naye chinenero chako. Usamati ndine mwana wa Mbewe, sindipempha. Mbewe mwini wakeyo anabwerera ku Lusaka ndi nsapato imodzi.

Pali chinthu china chimene unanena pamwala paja, chimene ndinachiseka. Ndinakufunsa kuti umadziwa bwanji pokapeza ndowezo mumtsinje waukulu chonchi. Unati katumbu amayenda kutali, amatsata nsomba mpaka kumene sitingafike, koma amabwerera pamwala womwewo kudzasiya chizindikiro, kuti abale ake akanunkhiza adziwe kuti akali moyo. Ine ndinati ndiye kuti ulemu wake wonse ndi umenewo, kubwera kwawo kudzachita chimbudzi. Unaseka, nanenso ndinaseka.

Chichokere ku Woodlands Loweruka lija ndakhala ndikukhala pansi pa mtengo wanga, kukonza mawu oti ndikuuze. Ndinali nditakonza akuti: pita ukakhale paini, usakakhale katumbu. Ukaime molunjika, usakasinthe mtundu. Mawu abwino, ndinawayeseza ngakhale pa nkhuku zotsala. Koma dzulo chitsononkho chinandigwera pamutu, ndipo ndinakumbukira zimene ananena dalaivala uja pondipatsa kambande. Anati mitengo imeneyi si ya kuno. Mbewu zake zinachokera kutsidya kwa nyanja, kumaiko ozizira, zinabwera ndi azungu. Paini ndi mlendo, Tikambenji. Anabwera kudzaona, anapeza dothi labwino, anazika mizu. Ndani anamuonapo paini akubwerera kwawo? Amakulira kuno, amaberekera kuno, amathera padenga la munthu wosadziwa ngakhale dzina la kwawo. Kapena kwinakwake kuli mtengo wokalamba umene mpaka lero ukuyang'ana kunjira.

Ndiye tamvera bwino, chifukwa sindibwereza. Sindikusintha maganizo. Ndikungowatembenuza kuti aume mbali inayo, monga timachitira ndi matabwa. Paini ndi wabwino kuposa katumbu pa zonse, kupatula chimodzi. Pita ngati katumbu. Ukasambe madzi awo, ukadye nsomba zawo, ukawasiyire mitu. Akakumiza ukavuuke. Ubweya wako ukhale wothinana, madzi a eni asafike pakhungu. Koma usakazike mizu. Akadzakuuza kuti dothi lathu n'labwino, khala konkuno, udzawauze kuti uli ndi mwala wako ku Chelstone. Uzibwera. Foni siinunkha, sindingadziwe nayo ngati ukali moyo. Ndipo poti akuti kumeneko mitengo ya paini imamera yokha m'mapiri popanda woidzala, ukaipeze, ukaiuze kuti m'bale wawo ali bwino, akusungidwa ndi Mbewe, ndipo palibe wamudula mutu.

Chatsala ndi chija chinandibaya. Kusapindika ndavomera, ndi ulemu. Kusasuntha ndavomera. Koma unati pansi pake sipamera kanthu. Repu anakana, zoona. Tomato anakana. Bonongwe anathawa. Nanga amene anaphunzira kuyenda atagwira thunthu lija ndani? Amene ankayala mphasa pamenepo n'kumawerenga mokweza, ine ndikumvetsera mawu amene sindinkawadziwa, n'kumagwedeza mutu ngati ndikumukonza, ndani? Amene amayi ake ankamuchotsa singano m'tsitsi madzulo alionse, amene anabisala kuseri kwa mtengo umenewu tsiku limene anaswa galasi la Amayi Daka, ine n'kuima kutsogolo kwake n'kunena kuti sindinamuone? Iwe unamera kuti? Ku Woodlands? Pansi pa paini panamera chinthu chimodzi chokha, chifukwa chinadya chonde chonse, ndipo mawa chikukwera ndege.

Bokosi usatenge. Sindikugonja, ndaona kuti anthu a ndege sangalisamale. Ndalitulutsa, ndaliika pansi pa mtengo, lasanduka benchi. Amayi Daka akadutsa amachita chizindikiro cha mtanda ngakhale si Akatolika, koma zimenezo n'zawo. Mawu aja akuti usadzanditsanzike ndinawadula mofupika, ndipo ndilibe thabwa lina lolumikizira. Ndinati kubwalo la ndege sindipita, ku Woodlands sindipita. Sindinanenepo kuti pakhomo panga sindikhala. Mawa kuyambira m'mawa ndidzakhala pabenchi imeneyi, nditavala suti ija. Mbali inayo ndi yako. Paini wake ndi wouma, ndinasankha ndekha, samata. Koma akakumata, ndege n'kupita yokha, umenewo sudzakhala mlandu wanga.

Amayi ako abwera ndi kalata ino lero lomwe, pa minibasi yoyamba imene aipeze. Ukawerenga kufika apa, imirira, upite pamene pali amuna awo a amayi ako aang'ono, uwawerengere mokweza zotsatirazi, osachotsapo liwu.

Ba Mwansa, muli shani. Ndine Mbewe. Munaseka Loweruka, ndinakuonani, ndipo fupa lija linandibwezerako pang'ono. Chiwongolero mawa chili m'manja mwanu. Msewu wa kubwalo la ndege ndi Great East, ndipo Great East amadutsa pa Chelstone, sanasamuke. Musandiuze za nthawi, nyamukani msanga. Musandiuze za mafuta, kuchoka pamsewu kufika pakhomo panga ngakhale nkhuku imayenda wapansi. Mukaona thanki yaikulu ya madzi ya pa Chelstone ija, mukhote. Mwanayo akati pitirirani, inu ndinu wamkulu, mukhote. Mukaona mtengo wautali kuposa nyumba zonse, muime, mutsegule chitseko, mumutsitse, mumubweretse pansi pake, pamene anamera, kuti ndimuone ndi maso angawa. Mukadutsa osakhota, Ba Mwansa, bokosi lija ndinaliyeza ndi chingwe, ndipo inu ndi Tikambenji msinkhu ndi umodzi.

Khotani pa thanki.

Ndine atate ako,
Mbewe, wa chala chachifupi